Mawu amene khamu limabweza

Zimandinyansa ndikamva akatswiri pa wailesi akuyeza wandale ndi Chingerezi chake kapena kunenepa kwa manifesito ake. Ndani ku Goliati kapena ku Wimbe anaponyapo voti chifukwa cha buku limene sanalione n'komwe? Luso la pansanja lagona pena, pa kuika mawu m'kamwa mwa khamu.

Lusoli ndi la agogo athu. Wokamba nthano akati "padangokhala", ana amavomera "tili tonse", ndipo kuyambira pamenepo nthano ija yasanduka yawo. Kamuzu ankalankhula Chingerezi pamisonkhano, John Msonthi kenako John Tembo n'kumamasulira, koma "Kwacha!" sankasiyira womasulira. Ankafuula yekha, bwalo lonse n'kubweza.

Amene anafika nalo pachimake ndi Bakili Muluzi. "Zinthu zatani?" "Zasintha!" Taonani ukatswiri wake. Mwini wake sananene kanthu, anangofunsa. Wolengeza kuti zasintha anali mayi wa nsalu yachikasu, ndi pakamwa pake, pamaso pa anzake a m'mudzi, chisankho cha 1994 chisanafike. Zouzidwa munthu amatha kuzikayikira, koma zimene wanena yekha pagulu amaziikira kumbuyo ngati mwana wobala yekha. Akabwerera kunyumba amakazinenanso pachitsime ndi kuchigayo popanda womutuma. Abale, mawu atatu okha kugwira ntchito yonseyi!

Zowerenga papepala, zodzaza mabiliyoni, zimangogonetsa anthu padzuwa. Miyambi nayo imakometsa chabe. Saulos Chilima ankaiponya mokoma, koma chimene chinatsala pamilomo ya achinyamata ndi "osaopa, osatopa, osafooka", chifukwa mawuwa amayenda ngati ng'oma ndipo aliyense amatha kuwamaliza.

Komatu khamu likalandira mawu mwini wake sangawalandenso. Mu 2020 mgwirizano wa Tonse unalonjeza kudya katatu patsiku. Ntchito 1 miliyoni zimene unalonjezanso palibe amene akanaziwerenga, koma katatu amawerenga mayi aliyense pamafuwa ake. Chimanga chitakwera mtengo, lonjezo lija linasanduka funso m'minibasi ndi m'misika, ndipo linatsata Lazarus Chakwera mpaka pa 16 Sepitembala 2025, tsiku la chisankho chimene anagonja kwa Peter Mutharika.

Inu atolankhani, mukapita kumsonkhano lekani kungowerenga mitu ya anthu ndi malole amene awabweretsa. Tilembereni zimene khamulo layankha.