Zikomo ziwiri za Luka

Sabata yathayi, m'minibasi yochoka ku Limbe kupita ku Zomba, adalaivala anatiyikira nyimbo zauzimu njira yonse. Zambiri zinali zothokoza Mulungu, gitala akulira bwino ndithu. Koma mutu wake unali umodzimodzi: ndapeza nyumba, ndapeza galimoto, ondiseka aja aone tsopano. Pofika pa Namadzi funso linali litandigwira. Zikomo ameneyu akupitadi kwa Mulungu, kapena akungodzera kwa Mulungu kuti akalase mnansi?

Kunyumba ndinatsegula Luka. Mkuluyu amadziwa kuyala nkhani. Anaika anthu awiri othokoza m'mitu yoyandikana, ndipo nkhani ziwirizi simungazipeze mwa Mateyu, Maliko kapena Yohane.

Mutu 17, ndime 11 mpaka 19: akhate 10 achira ali m'njira yokadzionetsa kwa ansembe. Anthu 9 amene sanabwerere aja sanaswe lamulo ayi. Levitiko 14 imafuna kuti wansembe amuone kaye munthu wochira khate asanabwerere pakati pa anthu, ndiye ankathamangira chilolezo chopita kwawo. Mmodzi yekha, Msamariya, mlendo wonyozeka, ndi amene anatembenuka n'kugwa chafufumimba pamapazi a Yesu. Taonani kuti Luka sakutiuza mawu amene munthuyu ananena. Akutionetsa zochita zokha: kubwerera, kufuula, kugwa pansi.

Mutu 18, ndime 9 mpaka 14: Mfarisi ali m'Kachisi. M'Chigiriki, mneni wothokoza ndi yemwe uja wa Msamariya, kumene kunachokera mawu oti Ukaristia. Koma uyu waimirira, ndipo mawu ake Luka watilembera bwinobwino: diso la m'mbali kwa wokhometsa msonkho, kenaka kusala kudya kawiri pa sabata ndi chakhumi. Luka sakunena kuti mkuluyu wanama. Vuto n'loti Mulungu watchulidwa kamodzi kokha, koyambirira, ngati dzina la pa envulopu. Kalata ya m'katimo ikunena za mwiniwake basi.

Wina anena kuti nawonso Masalmo amatchula adani. Zoona. Salmo 136 ikutchula Farao, ikutchula mafumu Sihoni ndi Ogi, ikutchula ngakhale chakudya. Koma ndime zake zonse 26 zikutha n'kubwerera ku chifundo cha Mulungu, ndipo wochita zinthu m'menemo ndi Mulungu. Wolemba sakudzionetsa olo pang'ono. Choncho kutchula galimoto m'nyimbo si tchimo. Nkhani ndi ya kumene nkhope yaloza.

Ndisaloze ena chala ndekha n'kudziiwala. Tsiku limene ndinapeza ntchito, nditakhala pa ulova zaka zitatu, ndinaika status yothokoza Mulungu pa WhatsApp. Kenaka madzulo onse ndinkangosuzumira foni kuti ndione ngati msuweni wanga wina, amene ankandinena, waiona. Atangoiona, mtima unakhala m'malo. Ndiye ndinkathokoza ndani, eti?

Kwa anzanga olemba ndakatulo ndi opeka nyimbo za kwaya, kayeso kake n'kosavuta. Mukamaliza kulemba, chotsanimo mdaniyo, chotsanimo woseka uja, kenaka muwerengenso mokweza. Ngati nyimboyo ikuimabe payokha, ndi chithokozo, kaiyimbeni Lamulungu. Ngati yagwa, ndiye kuti inatsamira pa mnansi, ndipo Mulungu anangoitanidwa kudzakhala mboni pa mkangano wa pamudzi.