Nyangu Ali Kuti m'Mbiri ya Acewa?

Pakati pa mabuku a Cinyanja onena za makedzana, ndi owerengeka amene achuka monga Mbiri ya Acewa, limene analemba Samuel Josiah Ntara, mphunzitsi wa ku Mishoni ya Nkhoma. Bukuli linatuluka nkhondo yaciwiri ya dziko lonse iri pafupi kutha, ndipo mu 1973 linasindikizidwa m'Cingerezi ku Wiesbaden, atalimasulira W. S. Kamphandira Jere, pamodzi ndi ndemanga za Harry Langworthy. Ntara anagwira nchito yaikulu. Pa nthawi imene Azungu ambiri anali kunena kuti anthu opanda malembo alibe mbiri, iye anasonkhanitsa mau a akuluakulu a m'midzi, nawaika pa pepala m'cinenero cao comwe. Munthu wa ku Katete kapena ku Chadiza amene anadza ku Lusaka kudzafuna nchito, namanga banja lace ku Matero kapena ku Chawama, akafuna kuuza ana ace kumene anacokera, bukuli ndilo nkhokwe yoyamba kutapamo. Cifukwa ca ulemu womwewo liyenera kuyesedwa mosakondera, pakuti cimene buku lokhulupirika lasiya cimaiwalika msanga.

Msana wa bukuli ndi mafumu aamuna: Kalonga, Undi, Mkanda, Mwase wa ku Kasungu ndi anzao, maulendo ao, nkhondo zao ndi maiko amene anagawana. Akazi sanabisidwe ai. Nyangu alimo, Makewana alimonso. Koma Nyangu achulidwa monga munthu achula mtsinje umene gulu linaoloka pa ulendo, ndipo wowerenga apitirira osadziwa kuti ufumu wonsewo unali kumwa madzi a mtsinje womwewo. Pa mwambo wa Acewa mwana wa mfumu salowa ufumu wa atate wace. Wolowa ndiye mbale wace kapena mwana wa mlongo wace. Motero Kalonga ali yense anayenera kubadwa mwa Nyangu, mkazi wamkulu wa pfuko la Aphiri. Mkazi wa Kalonga, wochedwa Mwali, anali kucokera kwa Abanda, ndipo ana ace sanali ndi gawo pa mpando. Mbiri ya pakamwa inena kuti Undi, pocoka kwa Kalonga kunka ku Mano, m'dziko limene lero lichedwa Mozambique, anatenga Nyangu ndi akazi a mbumba yacifumu, kotero kuti pambuyo pace Kalonga akamwalira, olowa m'malo anali kufunidwa kwa Undi. Nkhani imeneyi ndiyo yomasulira cifukwa cace mfumu ya ku Mkaika, m'boma la Katete, ichedwa Kalonga Gawa Undi, maina onse pamodzi. Undi sanagonjetse Kalonga ndi mikondo. Mpando unatsata kumene kunali mai. Buku loika akazi amenewa m'mphepete lifotokoza amene anakhala pa mpando, koma lilephera kufotokoza cimene cinawakhazikapo.

Za Makewana ndi cimodzimodzi. Mkazi ameneyu, wansembe wa Cisumphi pa kacisi wa ku Msinja, anali wa Abanda, ndipo mafumu anali kutumiza mphatso kwa iye popempha mvula. M'dziko la alimi, wosunga mvula ali ndi ulamuliro wosacepera wa iye wosunga mikondo. Kumwerengera pa nkhani za cipembedzo cokha, monga ngati sanali wolamulira, ndiko kuyesa Acewa ndi muyeso wa ku Ulaya, kumene mfumu idziwika ndi cisoti.

Wina angafunse kuti bvuto lace nciani, popeza Mcewa ali yense adziwa za mbumba. Ku mudzi ndi zoona. Ntara analembera anthu amene sanafunike kuuzidwa kuti malume ndani. Koma mwana wobadwira ku Kanyama, ku George kapena ku Kalingalinga akula m'nyumba ya atate wace, achedwa ndi dzina la atate wace, ndipo malume awaona pa maliro pokha. Lamulo la Zambia la 1989 lonena za cuma ca munthu womwalira wosasiya kalata lipatsa ana theka la cumaco, mkazi kapena mwamuna wotsala magawo 20 pa 100, makolo 20, ndi ena odalira 10. Mwana wa mlongo, amene kale anali wolowa nyumba, alibe malo ace ace m'menemo. Lamulolo linapulumutsa amasiye ambiri kwa olanda katundu, ndipo palibe comwe munthu angalinenere coipa pano. Koma mwana wokula pansi pace, akawerenga mndandanda wa mafumu, ayesa kuti ufumu unali kutsika kucokera kwa atate kunka kwa mwana monga ku England. Angathe kuchula Cleopatra ndi Mfumukazi Victoria; ukamfunsa za Nyangu, ayesa kuti ndi dzina la munthu wa pa msika wa Soweto.

Sikuyenera kumuweruza Ntara mwankhanza. Iye anali mwamuna, ndiponso mphunzitsi wa Mishoni imene inatsutsa nyau ndi cinamwali, niika cilangizo m'malo mwace. Pa bwalo, pamene aamuna akamba za mafumu, anali ndi mpando. Kumene anamkungwi alangiza anamwali sakadaloledwa kufikako. Tsono mbiri ya akazi inali kusungidwa kumeneko, ndipo mbali yace ina inatsala pa miyala. Ku mapiri a Chongoni, pafupi ndi Dedza, kuli malo 127 a zojambula za pa matanthwe, amene bungwe la UNESCO linawalemba pa mndandanda wa cuma ca dziko lonse mu 2006. Zofiira ndi za Akafula, osaka nyama akale; zoyera zambiri ndi za Acewa, zina za nyau, zina za cinamwali, zojambulidwa ndi akazi kuti mwambo ukhazikike m'mtima wa namwali. Zofanana nazo zipezekanso ku mapanga a kum'mawa kwa Zambia. Tanthauzo lace ndi la eni ace, ndipo si la pa pepala.

Zojambulazo si malembo, pakuti palibe angaziwerenge liu ndi liu monga kalata. Koma malembo enieni sanayambe ndi ulemerero woposa pamenepo. Ku mzinda wa Uruk, m'dziko la Iraq la lero, zaka ngati 3,200 Kristu asanabadwe, anthu anayamba kudinda zizindikiro pa dothi lonyowa powerengera tirigu, nkhosa ndi anchito. Inali nzeru ya akalaliki osunga nkhokwe, yothandiza mtima kukumbukira. Ndipo mlembi woyamba amene dzina lace lidziwika ndi mkazi, Enheduanna, mwana wa mfumu Sargon wa ku Akkad, amene anali wansembe wamkulu pa kacisi wa mulungu wa mwezi ku Ur zaka ngati 2,300 Kristu asanabadwe. Udindo wace sunasiyane kwambiri ndi wa Makewana. Kusiyana kwao ndi kwakuti dzina la Enheduanna linadindidwa pa dothi ndi pa mwala, nilipezedwa ndi ofukula zakale, pamene akazi ambiri amene analowa dzina la Nyangu ndi la Makewana, mmodzi pambuyo pa mnzace, aphatikizidwa m'mabuku ngati munthu mmodzi. Pamenepa mpamene colembera ca Ntara cikadathandiza koposa, pakuti m'masiku ace nkhalamba zodziwa mibadwo ya akaziwo zinali zikali moyo.

Codabwitsa ndi cakuti Ntara anadziwa kulemba za mkazi. Buku lace la Nchowa, la 1949, ndi nthano ya moyo wa mkazi. Kunali pa mbiri yeniyeni pokha pamene anatsata njira ya mabuku a ku sukulu, yowerenga zaka ndi mafumu. Ena anayesa kukwirira dzenjelo: W. H. J. Rangeley analemba za Makewana mu Nyasaland Journal mu 1952, ndipo Isabel Apawo Phiri mu 1997 anatulutsa buku lofotokoza za akazi a Cicewa kuyambira pa makacisi a mvula kufikira mu Mpingo wa Nkhoma. Koma zonsezi ziri m'Cingerezi, ndipo zikhala m'nyumba za mabuku za masukulu aakulu. Mai wogulitsa ndiwo ku Mtendere, amene nkhaniyo ndi ya agogo ace, sadzaziona.

Wolemba wa Cinyanja wofuna kutsiriza nchito ya Ntara sasowa poyambira. Nyangu akali ndi malo ace pa Kulamba, mwambo wocitika ku Mkaika caka ndi caka mwezi wa August. Ndipo kum'mawa kwa Lusaka, ku Chongwe, Asoli, amene ali pakati pa eni nthaka akale a dera limene makomboni amangidwapo, anakhazika mkazi pa mpando wao mu 1971, Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II.