Nyanga za ku Tete: Nyimbo Yosatheka Munthu Mmodzi

Mumzinda wa Tete, kaya ndi ku Samora Machel, ku Matundo kapena ku Chingodzi, makutu anazolowera masipika a m'mabala ndi kulira kwa malole a pamsewu wa ku Zobue. Komatu dera lomweli ndi kwawo kwa chida choimbira chimene akatswiri a nyimbo akhala akugoma nacho kwa zaka zambiri. Ndi nyanga, zitoliro za Anyungwe a m'mbali mwa Zambezi, zimene kutsidya kwa malire, cha ku Mutoko ku Zimbabwe, amazitcha ngororombe.

Poiona nyanga, munthu akhoza kuipeputsa. Ndi timapaipi ta nsungwi, kawirikawiri tinayi, tosiyana kutalika, tomangidwa pamodzi ndi mlaza. Zibowo zoikapo zala palibe. Kapaipi kalikonse kali ndi liwu lake limodzi basi.

Luso la mmisiri limayambira pa mfundo ya nsungwi. Amadula munsi mwa mfundo kuti mfundoyo itseke kapaipi pansi, kenako amakokota m'kati ndi kusalaza kukamwa kwake kuti kasacheke mlomo. Kakatali kamalira besi, kakafupi kamalira nthetemya. Pochuna amasenga pamwamba pang'onopang'ono, akuuzira, akumvetsera, n'kusenganso. Mpeni ukangopitirira, liwu lakwera ndipo nsungwi yodulidwayo sibwerera, amatenga ina. Chovuta chenicheni n'chakuti mmisiri sakonza chitoliro cha munthu mmodzi. Amakonza banja lonse la nyanga, zimene pagulu lokwana zimayandikira 30, kuyambira zazitali zolira ngati zikuchokera pansi pa nthaka mpaka tating'ono tolowa m'khutu. Iliyonse ili ndi dzina ndi ntchito yake: pakira, kabombo, mbite, siyarena, kwarira mvuu. Kapaipi kamodzi kakaphonya, gulu lonse limamveka lodwala. N'chifukwa chake mmisiri wabwino wa nyanga amakhala woimba kale. Manja okha sakwanira.

Kaimbidwe ndiye kodabwitsa. Palibe woimba amene ali ndi nyimbo yonse m'manja mwake. Aliyense ali ndi kachigawo kake ka mawu awiri, atatu kapena anayi, ndipo amauzira pampata umene mnzake wasiya. Pakati pa kuuzira kuwiri amaponyamo liwu la pakhosi pake, kenako n'kukoka mpweya. Kuuzira, kuimba, kupuma, zonse zili ndi malo ake, ndipo akaphonya pamodzi waponda mnzake. Womvera ali panja pa bwalo amamva nyimbo imodzi yosaduka, yolukana ngati mkeka, koma atayandikira munthu mmodzi angangomva tizidutswa.

Onsewo amachita izi akuvina. Amuna amazungulira bwalo atamanga maseche m'miyendo, mapazi akumenya mayendedwe awoawo opingasana ndi a zitoliro, amayi akuthira mang'ombe. Wodziwa kutentha kwa ku Tete mu Okutobala, pamene kumapyola madigiri 40, adziwa kuti chifuwa cha woimba nyanga si chamasewera.

Kuti luso limeneli lioneke bwino, n'kothandiza kuliyika pambali pa chitoliro china cha anthu akumudzi. Ku Palestine kuli shabbaba, chitoliro cha abusa, chopangidwa ndi bango kapena paipi yachitsulo. Chili pululu mbali zonse ziwiri, chili ndi zibowo za zala, ndipo woimba amachipendeketsa n'kuuzira m'mphepete mwa kukamwa kwake. Kungotulutsa liwu loyera kumatenga nthawi. Chimatsogolera gule wa dabke paukwati, gule amene UNESCO inamulemba m'kaundula wake mu 2023. Kumeneko munthu mmodzi amanyamula nyimbo yonse ndi zala zake, anthu n'kumavina momutsata. Ku Tete ovina ndiwo oimba, ndipo nyimbo anaigawana. Shabbaba ingapulumuke ngakhale patatsala mbusa mmodzi wodziwa. Nyanga zikatsala ndi anthu asanu, zatha, ngakhale asanuwo akhale akatswiri otani.

Apa m'pamene zionetsero zambiri zimalakwira gule wa nyanga. Pamwambo wa boma kapena pachikondwerero cha chikhalidwe, gulu limapatsidwa mphindi zochepa, galimoto yonyamula anthu imakhala yaing'ono, ndiye osiyidwa amakhala a nyanga zimene sizioneka msanga kufunika kwake. Chimkuzamawu chimaikidwa pakamwa pa munthu mmodzi, owonerera n'kumva kachidutswa kake kokha kakubwerezedwa. Amaombera m'manja fumbi ndi mapazi, n'kupita kwawo akuganiza kuti nyanga ndi gule wa miyendo wokhala ndi timalikhweru. Kumeneko n'kuipha nyimbo anthu akuona. Nyanga zimafuna bwalo lozungulira, anthu okwana, ndi nthawi yoti mawu alukane mpaka akhazikike.

Zolembedwa zilipo. Mu 1971 katswiri wa nyimbo Andrew Tracey anafalitsa m'magazini ya African Music kafukufuku wa gulu la Makina Chirenje la m'chigawo cha Tete, atalemba chigawo cha nyanga iliyonse payokha. Mu 1992 katswiri wa ku Malawi, Moya Aliya Malamusi, analemba m'magazini yomweyo za gulu la ngororombe la Sakha Bulaundi. Ntchito zimenezi n'zamtengo wapatali, koma zili m'Chingerezi, ndipo magaziniyo imatuluka ku International Library of African Music ku Makhanda, ku South Africa. Mwana wa ku Samora Machel amaphunzira m'Chipwitikizi, kunyumba amalankhula Chinyungwe. Ndipo ngakhale atawerenga, pepala silingamuphunzitse kulowa pampata wa mnzake.

Gule Wamkulu ndi timbila za Achopi zinalemekezedwa ndi UNESCO mu 2005, ndipo dziko likuzidziwa. Nyanga sizichepa pa zimenezi. Chimene zikufuna poyamba si satifiketi, koma ana ambiri ophunzira pamodzi, ndipo ana ambiri pamalo amodzi amapezeka kusukulu. Kalasi imodzi ya pulayimale ku Samora Machel ili ndi ana okwanira gulu lathunthu. Akuluakulu a maphunziro ndi a chikhalidwe m'chigawo cha Tete aitane amisiri a kumidzi amene adakali ndi khutu lochunira, awalipire monga aphunzitsi, ndipo awapatse bwalo la sukulu mlungu uliwonse.