Lipenga Lodziwa Kudikira

Njanji imene imadutsa m'tauni ya Kafue, n'kuoloka mtsinje pa mlatho wachitsulo wa mu 1906, inanyamula kwa zaka zambiri malasha a ku Wankie opita ku migodi ya mkuwa; motero ife okhala m'mbali mwake sitisowa womasulira pamene Hugh Masekela, mwana wa ku Witbank kumene malasha amakumbidwa, ayamba Stimela, nyimbo ya sitima imene inkatuta amuna kunka nawo ku migodi ya ku Joni. Nyimboyi inatuluka koyamba mu 1974, chaka chimene ndege ya Wenela inagwa ku Francistown ndi kupha Amalawi ambiri obwerera kwawo kuchokera ku migodiyo. Koma wofuna kuimva itakhwima aifunefune m'chimbale cha Hope, chimene chinajambulidwa pamaso pa anthu m'nyumba yaing'ono ya Blues Alley ku Washington mu 1993.

Luso lalikulu la m'nyimboyi lagona pa kudikira. Mnyamata akapatsidwa lipenga amafulumira kuonetsa anthu mphamvu ya chifuwa chake ndi liwiro la zala zake. Koma Masekela, amene pa nthawiyo anali wa zaka 54, ndipo anali atakhala zaka 30 kunja kwa dziko la makolo ake, agwira lipenga m'manja osaliliza, nayamba ndi kulankhula motsitsa mawu, monga mkulu wolongosola zovuta pa maliro, natchula mayiko amene amunawo ankachokera, Zambia ndi Malawi ali momwemo, nafotokoza za kukumba pansi pa nthaka, za chakudya chonyozeka, ndi za akazi ndi ana osiyidwa kumudzi. Kenaka ndi pakamwa pake pomwe asanduka sitima, kupuma kwake ndi kulira kwake. Ng'oma zikwera pang'onopang'ono kufikira nyumba yonse itadzala phokoso, ndipo pomwepo zonse zigwa pansi. Apo m'pamene lipenga lilowa, la mtundu wa flugelhorn, la mawu onenepa ndi ofatsa, ndipo popeza khutu lalilindira nthawi yonseyi, mawu ake ochepa alasa mtima koposa mawu chikwi. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Anzake a m'gululo ayenera ulemu wawo, makamaka wa ng'oma ndi wa besi, chifukwa kuimba motsitsa osataya mayendedwe a nyimbo n'kovuta kuposa kuimba mokweza, ndipo iwo aigwira sitimayo mphindi khumi osaithamangitsa. Pano ndi pamene kujambula pamaso pa anthu kuposera kujambula m'situdiyo: m'situdiyo wolakwa amabwereza, ndipo zidutswa zimalumikizidwa pambuyo, koma apa oimba ayenda ulendo umodzi wopanda pobwerera, ndipo bata la omvera, limene limasweka ndi mfuu lipenga likatsiriza, lili mbali ya nyimbo.

Sindinena kuti chimbale chonse chili pa muyeso umenewu. Grazing in the Grass, imene inatchukitsa Masekela ku America mu 1968, ikoma ndithu ndipo ivinitsa, koma ikangotha munthu satsala ndi kanthu mumtima.

Inu anyamata oliza malipenga m'mipingo ndi m'sukulu za kuno ku Kafue, mverani Stimela ya m'chimbalechi kufikira kumapeto, ndipo muwerenge mphindi zimene zipita Masekela asanaike lipenga pamlomo.