Cikwakwa Cinalambula, Koma Mbeu Ziri Kuti?

Zambia asanalandire ufulu mu 1964, nyumba za masewero monga Lusaka Playhouse zinali za Azungu, ndipo masewero ace anali ocokera kutsidya kwa nyanja. Pakati pa 1969 ndi 1971 Michael Etherton ndi ophunzira a pa University of Zambia anamanga bwalo lopanda denga nalicha Chikwakwa, dzina la cipangizo cija cochetchera udzu. Colinga cao cinali cakuti Azambia adzilembere masewero okamba za moyo wao.

Pa ici sanalephere. Kabwe Kasoma analemba Black Mamba, sewero la Kenneth Kaunda ndi nkhondo yomenyera ufulu, ndipo anthu anaona mbiri yao iri kuyenda ndi miyendo pabwalo. Ophunzirawo anayendanso m'madera a kumidzi, nasewera m'zinenero za eni dziko, pamodzi ndi ng'oma ndi nyimbo.

Komatu cilema cace ciri pano. Masewero amene anasindikizidwa ambiri ndi a Cingerezi. A m'maulendo aja, amene anafika pamtima anthu wamba, ambiri anatha ndi fumbi la pabwalo. Tsono mnyamata wotsiriza sukulu ku Chama, m'cigwa ca Luangwa, akafuna kusonkhanitsa anzace kwa Kambombo kapena kwa Tembwe, adzatsegula buku liti? Cisenga ali naco, nthano za agogo ali nazo, ngakhale nkhani ya njobvu zodya mpunga wa atate wace ikwana sewero lathunthu. Cimsowa ndi citsanzo colembedwa m'cinenero comveka kwao, coti aone umo mnzace anamangira ciyambi, mkangano ndi mathero.