Chidulo cha kwa Mwase

Kwa Mwase, m'boma la Lundazi, zitsononkho ndi makoko a nyemba sizitayidwa kudzala. Amayi amaziwotcha pazokha mpaka phulusa litayera mbuu. Kenako amaliika m'kachitini koboola kunsi, koyalamo udzu, n'kumathira madzi pang'onopang'ono. Mumve kudontha kwake, tho, tho, timadzi tofiirira, toterera pachala, toluma lilime. Ndicho chidulo.

Luso lagona pa muyeso. Chikachuluka, therere limawawa; chikachepa, chigwada chimakana kufewa ngakhale nkhuni zithe. Supuni yoyezera palibe, amangolawa ndi nsonga ya chala. Soda wa m'sitolo amafewetsa ndithu, sindikana, koma kafungo ka phulusa kaja alibe, ndiponso amafuna ndalama. Mukatha kutong'ola chimanga chaka chino, zitsononkhozo kawapatseni agogo.