Mabuku Otsegula Maso pa Tiyi wa ku Thyolo

Tiyi wa ku Thyolo amanyenga maso. Mizere yobiriwira ya ku Satemwa, Makandi ndi Naming'omba imaoneka ngati inamera yokha, ndipo wodutsa pa minibasi sadzifunsa chimene chinapanikiza midzi m'mphepete mwa minda imeneyi, mpaka munthu kumalima chimanga pa phiri loti ngakhale mbuzi imaterereka. Funso limeneli limabadwa munthu akawerenga buku lolembedwa mwaluso, ndipo kwa ine buku lotero ndi Magomero la Landeg White, la mu 1987.

Magomero ali ku Chiradzulu, koma thangata amene White akufotokoza ndi yemweyo amene anazunza Alomwe ochokera ku Mozambique m'minda ya azungu ku Thyolo. Luso lake lagona pa kusadumphadumpha. Wakhazikika pa malo amodzi kuyambira mu 1859 mpaka m'ma 1980, ndipo woweranga amakalamba limodzi ndi mudziwo. Sakuuza kuti atsamunda anali ankhanza ayi. Amakuonetsa mwamuna akugwira mwezi umodzi wolipira malo, wina wa msonkho wa nyumba, kenako masiku akutalikitsidwa mwadala mpaka mvula kugwa munda wake usanasosedwe. Nyimbo za amayi amazipatsa ulemu wofanana ndi makalata a boma, ndipo apa ndi pamene ndimamugwadira, chifukwa amene analibe cholembera nawonso akuchitira umboni.

Ngakhale William Jervis Livingstone, amene anthu ankamutcha Listonia ndipo anaphedwa pa kuukira kwa John Chilembwe mu Januwale 1915, White sanamusandutse chilombo chopanda nkhope. Akumuonetsa ngati wolembedwa ntchito wofinyidwa ndi bwana wake, Alexander Livingstone Bruce, kuti munda wa ku Magomero upindule zivute zitani. Ukafika pamenepo mkwiyo wako umachoka pa munthu mmodzi n'kupita pa dongosolo lonse la malo. Uku ndiko kusintha maganizo kwenikweni.

John McCracken, mu A History of Malawi, 1859–1966 la mu 2012, akuyenda njira ina. Iye ndi womanga: akulumikiza zikalata za umwini wa malo zimene Harry Johnston anapatsa azungu m'ma 1890, lamulo la 1928 la anthu okhala m'minda ya eni, kafukufuku wa Sidney Abrahams wa 1946, ndi zipolowe za Ogasiti 1953. Zipolowezo zinayambira pa munda wa Mangunda kufupi ndi Luchenza, pa nkhani ya anthu ogwidwa akuba malalanje, n'kufalikira mpaka Amalawi 11 kuphedwa. McCracken amakuthandiza kuona kuti malalanje anali chabe poyatsira. Udzu unali utauma kale ndi njala ya malo komanso chitaganya cha Federation. Koma mawu ake ndi ozizira. Chiwerengero chilipo, kulira kwa pa maliro sikumveka.

Chimandiwawa n'chakuti mabuku onsewa ali m'Chingerezi, ndipo mayi wothyola tiyi, dengu kumsana m'mawa wa chiperoni, sangawapeze pa msika wa Bvumbwe. Thyolo alibe Magomero wakewake. Ambiri mwa amene anaona 1953 ndi maso awo tsopano apitirira zaka 80, ndipo wolemba wofuna kumva mawu awo m'Chilomwe ndi m'Chimang'anja ayenera kukwera ya ku Luchenza chaka chomwe chino.